Za kutentha kwa dzikozi nzoona kapena ndi njira yodyera ndalama za mapulojekiti?

Mlimi_wa_ku_Domwe:

Abale ndili ndi funso koma chonde musandilalatire poti ndaona pano ena mumapsa mtima msanga kkkk. Mwezi wathawu tinaitanidwa ku seminario ku Vila Ulongwe, anakonza ndi abungwe lina lake (dzina sinditchula, anatidyetsa bwino), masiku awiri athunthu mnyamata wa laputopu akutiuza kuti dziko likutentha koopsa ndipo tikapanda kusintha ana athu adzasowa pokhala. Nthawi imeneyo ine ndili mu jekete, chipewa cha ubweya kumutu, mmawa womwewo ndadzera kudimba ndapeza chisanu chawaula tomato wanga mizere itatu ya kumunsi kwa dambo, masamba ada bii ngati wina wawathira madzi owira. Nde ndinakweza mkono kufunsa kuti achimwene kutenthako kuli kuti, iye anangoti bambo izi ndi za sayansi, basi nkupitiriza kudina laputopu yake.

Chikundivuta ine ndi ichi. Agogo anga aakazi mpaka kumwalira kwawo ankasimba za njala ya 49, mmene anthu a ku Nyasaland ankakwerera mapiri kudzasuma chimanga kuno, ena kusiya mbale ndi nsalu kusinthanitsa ndi kadengu ka mphale. Nthawi imeneyo magalimoto analipo angati? Mu 1992 ineyo ndinali mnyamata tili kothawa nkhondo ku Dedza, mvula inakanika dziko lonse tinadya nsima ya chimanga chachikasu chija mpaka pano fungo lake ndimalikumbuka, palibe anatchula za kusintha kwa nyengo, ankangoti chilala. Lero mvula ikachedwa sabata imodzi akuti kusintha kwa nyengo, ikachuluka kusintha kwa nyengo, mbozi zikalowa mmunda kusintha kwa nyengo, posachedwapa nkhuku ikaleka kuikira atiuzanso zomwezo.

Chinanso amati dziko latentha ndi digiri imodzi ndi theka. Imodzi ndi theka yokha? Kwathu kuno kuchoka 6 koloko mmawa kufika masana kutentha kumasintha kuposa pamenepo kambirimbiri ndipo palibe amafa. Komanso chiyambire ndili pasukulu tikumva kuti Beira imira mnyanja, Beira ikadalipo, mlamu wanga wapita konko sabata yatha kukatenga katundu.

Sindikukana kuti mvula ya masiku ano njosadalirika ayi, ndine mlimi ndimaona. Koma kodi nzoopsadi mmene akunenera muja, komanso zikuthamangadi choncho? Kapena ndi anthu akufuna ndalama za azungu zisaleke kubwera? Odziwa tandimasulireni mchinenero chathu, osati zija za izi ndi za sayansi.

Dalaivala_Moatize:

Akulu mwandilankhulira, epa. Ine ndimagwira ntchito ya malasha chaka cha 9 tsopano nde nkhani imeneyi imandinyansa pena pake. Malasha a kuno ku Moatize anayamba kutuluka kunja mu 2011 nthawi ya kampani ya Vale, mu 2022 mgodi unagulitsidwa kwa Vulcan ya amwenye, sitima zikungonyamula usana ndi usiku kudutsa mMalawi kupita ku Nacala, ina njanji ya Sena kupita ku Beira. Amagula ndani? Si ife. Mayi anga ku Kambulatsitsi sanaphikirepo malasha chibadwire, amaphikira nkhuni. Malashawo amakawotchedwa ku India ndi maiko ena kupangira zitsulo ndi magetsi, utsi nkutuluka konko, kenako anthu omwewo kapena abale awo akubwera ndi galimoto ya ma fowiro kudzauza mayi anga kuti asiye kudula mitengo akuononga dziko. Mxii.

Africa yonseyi mpweya woipa womwe timatulutsa sukwana ndi 4 pa 100 iliyonse, China yokha pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ndipo taonani mu 2022 nkhondo ya Ukraine itayamba gasi wa ku Russia atasowa, Germany yomwe ija imalalikira kwambiri inayatsanso malo ake opangira magetsi a malasha omwe inali itayimitsa. Iwo kukawazizira amaiwala ulaliki. Nde ine ndimati nyumba ikanakhala ikupsadi eni ake alaliki sakanakhala akuthira parafini. Kwa ine ndi bizinesi basi, wina amadya pa malasha ngati ine wina amadya pa seminario, tonse tikusaka ya ndiwo kkkk

Aphunzitsi_a_Matundo:

Bambo a ku Domwe, mnyamata ujayo anakulakwirani, funso lanu ndi labwino ndipo yankho lilipo, mwina iyeyo analoweza ma slide okha. Ine ndimaphunzitsa Geografia ku sekondale kuno ku Tete nde ndiyesa, mundikhululukire zitalika.

Ndiyambe nkukuvomerezani. Chilala sichinayambe dzulo. Cha 1992 chija gwero lake ndi El Niño, madzi a nyanja ya Pacific cha kufupi ndi Peru amatentha pakapita zaka ziwiri mpaka 7, mphepo zonyamula mvula zimasokonekera ndipo ife akummwera kwa Africa kawirikawiri timauma. 1992, 2016, 2024 zonsezi ndi zaka za El Niño, ndipo iyeyu analipo mafakitale asanabwere. Nde munthu wokuuzani kuti chilala chilichonse ndi kusintha kwa nyengo akukunamizani, kaya mwadala kaya mosadziwa. Mbozi zija za ntchemberezandonda nazonso zinachokera ku America zinafika mu Africa mu 2016, sizinabadwe ndi kutentha.

Koma za chisanu cha tomato wanu, inu muli pamwamba mamita oposa 1000, ife kuno mumzinda tili mchigwa cha Zambezi sitifika ndi 200 omwe, Okutobala ndi Novembala timadutsa madigiri 40 mpaka ana mkalasi amangogona pa desiki thukuta lili kamukamu. Domwe adzazizirabe mu Juni ndi Julayi ngakhale zidzukulu zanu zidzavala majekete. Digiri imodzi ndi theka ija sakunena za tsiku limodzi pamudzi umodzi, amaphatikiza dziko lonse lapansi, nyanja ndi mtunda, usiku ndi usana, chaka chathunthu, nkuyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Kuti nambala imeneyo isunthe pamafunika moto wosaneneka. Mwana wanu mukapita naye kuchipatala namwino nkupeza 37 amati ali bwino, akapeza 38.5 mumagona konko, pamenepo mwanayo manja ake angakhale ozizira. Nthawi yomwe theka la Ulaya wa kumpoto linakwiririka ndi madzi oundana zaka 20,000 zapitazo, dziko linali lozizira ndi madigiri 5 kapena 6 okha kuyerekeza ndi lero. Nde imodzi ndi theka musaichepetse. Chaka cha 2024 ndicho chatentha kuposa zaka zonse chiyambire kuyeza, chinaposa 2023 chomwenso chinali chitangoposa zinzake.

Zoti ndi nkhani ya mapulojekiti, amene anayamba kuwerengera zimenezi ndi Svante Arrhenius wa ku Sweden mu 1896, mabungwe a seminario kulibe. Anaona kuti mpweya wa carbon dioxide umagwira kutentha ngati bulangete, dzuwa limalowa koma kutentha kobwerera kumwamba kumatsekeredwa, ukawonjezera bulangete umatenthedwa basi. Pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii akhala akuyeza mpweya umenewu kuyambira 1958, unali magawo 315 pa miliyoni, pano wadutsa 420, pomwe mafakitale asanayambe unali cha mma 280. Chaka ndi chaka ukungokwera, sunatsikepo.

Tsono kwa mlimi zimalowa chonchi. El Niño ndi yemwe uja wakale, koma akubwera pa dziko lotentha kale. Ng'amba ya masabata awiri mu Febuluwale chimanga chikumasula, kale nthaka inkasunga chinyontho mpaka mvula kubwerera, pano dzuwa lomwelo likuyamwa msanga chimanga nkupota masamba chisanabereke. Mbali inayi mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula madzi owonjezera pafupifupi 7 pa 100, nde ikati igwe imakhuthuka tsiku limodzi yomwe inayenera kugwa sabata. Za anamondwe, akatswiri a IPCC (gulu la United Nations lounika za nyengo) sanena kuti achuluka chiwerengero ayi, amati mwa omwe akubwerawo amphamvu ndi amvula yambiri ndiwo akuchuluka. Freddy wa 2023 anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wolembedwa anakhalitsa choncho, anatimenya kawiri, ku Vilankulo mu Febuluwale kenako ku Quelimane mu Malichi nkukapha anthu mazanamazana ku Malawi.

Ndipo pali chinthu china chochititsa manyazi chomwe chimakupatsani mphamvu inu okayika. Namondwe Ana atadutsa mu 2022 gulu la World Weather Attribution linafufuza nkupeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezeradi mvula ija, koma linalephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa mwa malo 23 oyezera nyengo mdera lokhudzidwa ku Mozambique kuno, anayi okha ndiwo anali ndi zolemba zokwanira kuchokera 1981. Nkhondo inatidyera zambiri. Nde wina akakuuzani motsimikiza kuti ku Angonia mvula idzachepa mwakuti pofika chaka chakuti, mufunseni kuti wayeza kuti.

Beira simira mawa. Nyanja yakwera masentimita pafupifupi 20 kuchokera 1900, pano ikukwera mamilimita 4 kapena kuposerapo pang'ono pachaka. Amene ankati imira pa zaka khumi anawonjeza mchere. Koma mzinda womwe mbali zina zili pansi kuposa nyanja ikadzadza, masentimita 20 ndi ambiri tsiku lomwe namondwe ngati Idai wafika pakhomo.

Nachisale_Chingodzi:

Ine za ma digiri sindizidziwa koma ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa. Kumayambiriro kwa Malichi 2019, Idai asanafike nkomwe ku Beira, mtsinje wa Revubwe unatilowera usiku. Chinandidzutsa si madzi ayi koma mbuzi za aneba kulira modabwitsa, nditatsitsa phazi pabedi ndinaponda mmadzi ozizira ofika mu akakolo, mapoto akuyandama kugundana okhaokha mumdima ngati wina akutsuka. Mmene ndimabereka wamng'ono kumbuyo nkudzutsa wamkulu madzi afika mmaondo, mmene timafika pa mseu ali mchiuno. Kuno mvula sinali yoopsa usiku umenewo, madzi anachokera kumtunda kwanu komweko a ku Domwe, poti Revubwe amayambira ku Angonia. Tinabwerera patapita masiku, matumba anayi a chimanga atamera mizu mnyumba, matope ofika pa windo, ma caderno (makope) a ana ataphatikana ngati chigumu.

Tinati zachitika basi, zotere zimabwera kamodzi pa moyo, akuluakulu a mbairro ankatero. Tinamanganso. Januwale 2022 namondwe Ana uyu, madzi omwewo, ulendo uno mpaka mlatho wa Revubwe unaduka, opita ku Moatize kumazungulira pa mlatho wa Kassuende, chapa (minibasi) kukwera mtengo. Zaka zitatu zokha pakati pake. Nde bambo mukati nzosathamanga ine ndimangoseka, kwa ine zinathamanga kuposa mmene ndikanathera kubweza ngongole ya malata.

Koma ndisanamize Mulungu, nafenso tinamanga pa njira ya madzi. Malo amenewa kale anali madimba, anthu ankalima mbatata ndi chimanga cha mchilimwe madzi akaphwa, palibe ankagonapo. Tinagula poti ndi pomwe panali potchipa, anthu atachuluka mumzinda nthawi ya malasha. Nde pena ndikamva pa wailesi akuti mudanças climáticas (kusintha kwa nyengo) ndimati eya nzoona, koma amene anatigulitsa malo aja ndi amene anasaina mapepala nawonso asabisale kuseri kwa mawu amenewo. Pano ndili kumtunda, lendi ikundipweteka koma mvula ikamagwa usiku ndimagona.

Madala_a_Furancungo:

Ana inu mwalankhula zakuya, ine ndi wa zaka 68 foni yomwe akundilembera ndi mdzukulu. Mayi a ku Chingodzi anena zoona kuti madzi anachokera kumtunda, tsono funsani kuti kumtundako kwatsala chiyani chogwira madzi. Pamene tinkabwerera kuchokera kothawa mu 93 ndi 94 kuno ku Macanga tinapeza tchire litabwerera, misuku, mitondo, mombo, munthu umayenda mumthunzi kuchoka pamudzi kufika kumtsinje, bowa wa utale ana ankatola mpaka kutaya. Lero imani pa mseu wopita ku Tete muwerenge matumba a makala pa njinga ndi pa malole, tsiku limodzi lokha. Zigafa za fodya nazo chaka chilichonse zimafuna mitengo yatsopano. Mtsinje womwe ndinkasambamo ndili mnyamata unali ndi maiwe oti wamtali amamira, pano ndi mchenga wokhawokha, madzi akabwera alibe pokhala amangothamangira kwa mayi aja kumunsi, Ogasiti asanathe kwauma gwaa. Zimenezo sanachite ndi a China.

Koma aphunzitsi sindikukutsutsani. Pali zina zomwe nkhwangwa singafotokoze. Kale chizimalupsa chimagwa mu Okutobala kuzimitsa lupsa, tikadziwa kuti tikonze mbewu, yobzalira ifika mu Novembala mosaphonyetsa kwenikweni. Zaka zino umamva mbalame zija zalira, nyerere zatuluka, mitengo yaphuka, zizindikiro zonse zakwana koma kumwamba kuli mbee mpaka Khirisimasi. Ndipo udzudzu, kumapiri kuno kale tinkagona opanda neti miyezi yambiri. Nde ine ndimati mbava ndi ziwiri, ina yachokera kutali ina ndi mwana wa mnyumba momwemo, tsono ku maseminario amakonda kutchula yakutaliyo poti siyingawayankhe.

Dalaivala_Moatize:

Aphunzitsi ndawerenga zonse mpaka data yandithera kkkk. Chabwino tinene kuti bulangete lanulo lilipodi. Nde ine nditani, ndisiye ntchito ana adye ma digiri? Mu 2024 tinaona tonse madzi atatsika ku damu la Cahora Bassa, anzathu a ku Zambia damu la Kariba litaphwa ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse, nde amene amati siyani malasha dalirani madzi ayankhe pamenepo. Ine mfundo yanga sinasinthe, olalikirawo sakhulupirira zomwe amalalikira.

Aphunzitsi_a_Matundo:

A Dalaivala musasiye ntchito, inu mukasiya mawa pakhala wina pa chiwongolero ndipo mpweya wa dziko susintha ndi kadontho komwe. Zachinyengo mukunenazo nzoona ndipo ndingakuwonjezereni, mu 2009 ku Copenhagen maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020 othandizira maiko ngati lathuli, anachedwa kukwanitsa ndipo gawo lalikulu linabwera ngati ngongole, ndiye kuti wakuwotchera nyumba akukukongoza ndalama yogulira ndowa. Koma mbusa akagwidwa ndi mkazi wa mwini sizitanthauza kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi labodza. Thermometer sadya per diem (alawansi ya ku seminario). Ndipo Kariba mwaitchulayo ikuchitira umboni mbali yanga osati yanu, dziwe lomwe lakhalapo kuyambira 1959 kufika poti makina akulephera kuzungulira.

Madala a ku Furancungo, mbava ziwirizo ndazitenga, Lolemba ndikaphunzitsa nazo 10ª classe.

Mlimi_wa_ku_Domwe:

Zikomo nonse, makamaka mayi a ku Chingodzi pepani kwambiri, sindinkadziwa kuti madzi odutsa kuseri kwa dimba langa ndi omwe anakulowerani mnyumba. Aphunzitsi za mwana wa 38.5 zandilowa, zija za Beira mwavomera nokha kuti anawonjeza nde pamenepo tili limodzi. Koma zoti zikuthamanga ndikadali nako kukayika pang'ono, poti mwanena nokha kuti malo oyezera anali anayi okha, nde za kwathu kuno aliyense akungolota, madala akuti mvula imabwera Novembala mosaphonyetsa koma agogo anga ankati chaka china anabzala pa Nyuwere nthawi ya Apwitikizi.

Chomwe ndakumbuka, malemu bambo anga anali ndi kope lomwe ankalembamo ngongole za feteleza ndi tsiku lomwe tabzala chaka chilichonse chibwerereni ku Dedza, ine ndinapitiriza mpaka cha mma 2015 kenako ulesi. Liyenera kuti lili mu sutikesi kwa mayi. Loweruka ndikupita kumeneko kukaona ng'ombe yodwala, ndikalipeza ndijambula masamba ake ndiike pano muwerenge nokha aphunzitsi, ngati chiswe sichinadye.